Ziro ya chitsulo ili pati? Kukhazikitsa coordinate system mu CAD pa makina osema mbali zambiri

Fayilo ya CAD, ndiko kuti chojambula cha chipangizo chopangidwa pa kompyuta, ikhoza kukhala yolondola pa muyeso uliwonse, bowo lililonse lili pamalo pake, koma chitsulo n'kutsika pa makina chitaonongeka. Wojambula amathamangira kukayang'ananso manambala, n'kupeza kuti onse ali bwinobwino. Chimene chinasowa si nambala. Ndi yankho la mafunso awiri amene makina sangadziyankhire okha: miyeso yonseyi ikuwerengedwa kuchokera pati, nanga chitsulocho chagona choloza kuti?

Ndikulembera makamaka achinyamata amene akuphunzira uinjiniya ku MUST, ku Ndata kuja, ndi amisiri a m'mawekishopu a mafakitale a tiyi kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje amene ayamba kujambula zipangizo pa kompyuta. Makina a CNC, osema motsogozedwa ndi kompyuta, a ma axis asanu (mbali zisanu zoyendera) si chinthu chimene mungachipeze pa Luchenza kapena pa Bvumbwe, zimenezo n'zoona. Koma fayilo imayenda. Chipangizo cha m'fakitale chikathyoka nthawi ya dzinja, masamba akubwera mathirakitala motsatizana, amene wajambula kuno ndiye amatumiza fayilo kwa osema akutali. Akapanda kulongosola bwino nkhani ya ziro, chitsulo chimabwera patapita masabata, ndalama zitapita kale, n'kukana kulowa pamalo pake. N'chifukwa chake ndikuona kuti nkhaniyi ndi ya wojambula poyamba, ya woyendetsa makina pambuyo.

Munthu akakuuzani kuti kwawo ndi makilomita awiri, sanakuuzeni kanthu. Makilomita awiri kuchokera pa Chitakale kapena pa Boma? Kulowera ku Muloza kapena ku Likhubula? Coordinate system ndi yankho la mafunso amenewa pa chitsulo. Ili ndi poyambira, pamene amisiri amati ziro, ndi mizere itatu yochokera pamenepo, X, Y ndi Z, yopingasana pa madigiri 90. Njira yolozera malo ndi manambala chonchi ili ndi dzina la René Descartes, amene anaifalitsa m'chaka cha 1637, kale kwambiri makina osema ndi kompyuta asanalotedwe n'komwe.

Pa makina osema, mayina a mizereyi sasankhidwa mwachisawawa. Lamulo la ISO 841 limati Z ndi mzere umene spindle, shafti yozungulitsa chosemera, yagonera, ndipo Z yokwera ndi imene imachotsa chosemera pa chitsulo. X ndi Y zimatsatira lamulo la dzanja lamanja: chala chachikulu chiloze X, cha mkombaphala chiloze Y, chapakati mukachipinda chiloza Z. Kuzungulira nakonso kuli ndi mayina. Kuzungulira pa X ndi A, pa Y ndi B, pa Z ndi C. Kuti mudziwe mbali ya plus, lozani chala chachikulu cha dzanja lamanja kumene axis yalowera, ndipo kumene zala zinazo zapindikira ndiko plus.

Pali kanthu kamodzi apa kamene kamasokoneza ngakhale anthu ozolowera. Pulogalamu yoyendetsa makina imalembedwa ngati kuti chitsulo chili phee ndipo chosemera ndicho chikuyenda. Pa makina amene tebulo ndilo limayenda kapena kuzungulira, mudzaona tebulo likupita mbali yosiyana ndi imene dzanja lanu laloza. Makina sanalakwe. Tebulo likapita kumanzere, chosemera chapita kumanja pa chitsulocho.

Tsono mu ntchito imodzi simukhala coordinate system imodzi. Yoyamba ndi ya model (chithunzi cha chipangizo mu kompyuta), imene pulogalamu ya CAD inaika yokha tsiku limene munatsegula fayilo yatsopano. Imeneyi sidziwa kanthu za makina. Mu SolidWorks, mwachitsanzo, axis yoloza kumwamba ndi Y, pamene pa makina ambiri osema yoloza kumwamba ndi Z, ndiye model imafika mu CAM, pulogalamu yokonza njira zimene chosemera chidzayende, itagona cham'mbali. Ngati chipangizocho chinachotsedwa mu assembly ya makina onse, ziro yake ikhoza kukhala mamita angapo kutali ndi chitsulo chenichenicho, m'malere. Yachiwiri ndi ya makina enieniwo, imene opanga anaikhazikitsa ndipo makina amaipeza akamapita ku home. Mu G-code, chilankhulo cholamulira makina, imaitanidwa ndi G53, ndipo inu simuisuntha. Yachitatu ndi ziro ya ntchito, G54 mpaka G59, ndi zina zoonjezera monga G54.1 pa makina a Fanuc. Manambala amene woyendetsa amalemba mu G54 ndi mtunda wochokera pa ziro ya makina kukafika pa ziro ya chitsulo chimene wamanga pa tebulo. Ntchito yanu mu CAD ndi kupanga coordinate system yatsopano pa model, imene idzagwirizane ndendende ndi G54 ija. Mapulogalamu amaitchula mosiyanasiyana: UCS mu AutoCAD, WCS mu Fusion 360 ndi Mastercam, MCS mu Siemens NX. Chinthu chake ndi chimodzi.

Malo oika ziro

Titenge chitsanzo chimodzi chimene tiyende nacho. Ndi thupi la pampu yothirira, lachitsulo chosungunula. Pansi lili ndi nkhope yosalala imene limakhalira, pakati pali bowo lalikulu la bearing, ndipo m'mbali muli potulukira madzi, popendekeka madigiri 30, pokhala ndi mabowo anayi a mabawuti.

Ophunzira ambiri amaika ziro pamene paoneka pabwino pa sikirini: pakati pa chitsulo, kapena pa ngodya ya bokosi limene CAM imajambula kuzungulira model. Ine ndimakana zimenezi, kupatula pamene mukusema kuchokera pa chitsulo chosaphula chokhala ndi mbali zowongoka kale. Ziro iyenera kukhala pamalo amene munthu angawakhudze ndi probe (kachoyezera kokhudza chitsulo pa makina) kapena kuwapeza ndi dial indicator (choyezera cha muvi ngati wotchi), ndiponso amene drawing ikuwerengera miyeso yake yofunika. Malo amenewa pa drawing amalembedwa ndi zilembo A, B, C m'timabokosi, ndipo amatchedwa ma datum. Musawasokoneze ndi A, B, C za kuzungulira zija, angofanana zilembo chabe.

Chifukwa chake chili m'mene chinthu chimakhazikikira. Chitsulo chimene sichinamangidwe chingasunthe m'njira zisanu ndi imodzi: kutsetsereka pa X, Y, Z, ndi kuzungulira pa iliyonse. Mukachikhazika pa nsonga zitatu, mwatseka njira zitatu, ndiko kutsika ndi kupendekeka kuwiri. Mukachitsamiritsa pa nsonga ziwiri m'mbali, mwatseka zina ziwiri. Nsonga imodzi yomaliza imatseka yotsalayo. Amisiri amati 3-2-1. Coordinate system yabwino imatsanzira kakhalidwe komweka. Pa pampu yathu, nkhope ya pansi ndiyo ipereke Z. Pakati pa bowo la bearing ndipo pakhale ziro ya X ndi Y. Kenaka pafunika chinthu chachitatu chonena kumene X yaloza, mwina bowo la dowel (kapini kokhazikitsa chitsulo pamalo pake) kapena nkhope imodzi ya m'mbali yosemedwa. Chachitatuchi ndicho chimaiwalika kwambiri, chifukwa pa chinthu chozungulira maso sakuuzani kuti chapotoka. Koma popanda icho, potulukira madzi paja pakhoza kuloza kulikonse.

Ena adzafunsa kuti nanga pa kusema koyamba, pamene bowo la bearing silinasemedwe ndipo chitsulo chonse n'chokhakhala, ziro ikhala pati? Pamenepo mumafunika ma coordinate system awiri. Yoyamba imakhala pa nsonga zosankhidwa za chitsulo chokhakhalacho, ndipo ntchito yake ndi imodzi yokha: kusema nkhope ya pansi ndi mabowo a dowel. Yachiwiri imaima pa zimene zasemedwazo, ndipo zonse zofuna kulondola zimawerengedwa kuchokera pamenepo. Kubwerera ku nkhope yokhakhala pa kusema kwachiwiri ndi kutaya kulondola kumene mwakupeza kale.

Kuipanga mu CAD si ntchito yaitali. Mumasankha point ya ziro, kenaka mumasankha mizere iwiri, kawirikawiri Z ndi X, ndipo wachitatu umabwera wokha motsata dzanja lamanja. Mu SolidWorks zili pansi pa Reference Geometry, mu FreeCAD, imene ndi yaulere, muli local coordinate system, ndipo mu Fusion 360 mumazipanga mu Setup. Chofunika kusamala ndi chimene mwaimangirira. Mukadina m'mphepete mwa chitsulo, mawa wina n'kuikapo fillet (kubulungiza m'mphepete), m'mphepete muja mwasowa ndipo coordinate system yanu yatayika kapena yalumphira pena osakuuzani. Pangani kaye plane, axis ndi point zanuzanu, zomangirira pa ma datum, ndipo coordinate system iime pa zimenezo. Ipatseni dzina lomveka, monga OP1_G54 kapena OP2_G55, osati kusiya dzina limene kompyuta yapereka.

Ndipo chonde, musasunthe model kuti igwere pa ziro ya fayilo. Anthu amachita zimenezi poona ngati n'zachidule, koma model yosunthidwa imaleka kugwirizana ndi assembly, ndi drawing, ndi fixture (chomangira chitsulo pa tebulo) imene inajambulidwa pa iyo. Model ikhale pamene ili. Coordinate system ndiyo ipite kwa model.

Chenjezo lina ndi la potembenuza chitsulo chadodolido kuti museme mbali ya pansi. Z ikatembenuka, imodzi mwa X ndi Y iyeneranso kutembenuka, apo ayi lamulo la dzanja lamanja lasweka. Pulogalamu imasankha yokha imene itembenuke ngati inu simunanene. Woyendetsa makina akatembenuza chitsulo cham'mbali pamene CAM inachitembenuza cham'tsogolo, mabowo onse amagwera mbali yolakwika, chonsecho muyeso uliwonse uli wolondola.

Pamene chitsulo chayamba kuzungulira

Zonse zimene ndanena pamwambapa zimagwiranso pa makina a ma axis atatu. Nkhani imakula tebulo likayamba kuzungulira, ndipo pano amisiri a m'mafakitale a tiyi ali ndi poyambira pabwino kuposa mmene amadziwira. Aliyense amene ananolapo rola za CTC, makina odula masamba a tiyi, anagwirapo kale ntchito ya ma axis anayi. Mano a rola amapangidwa ndi mizere iwiri: yozungulira rola, imene imadulidwa pa lathe, ndi yopotana, imene imasemedwa pa milling machine rola ikuzungulira pang'onopang'ono uku tebulo likuyenda m'litali mwake. Pa makina akale magiya ndiwo amalumikiza kuyenda kuwiriku. Pa CNC ndi X ndi A zikuyendera limodzi. Mmisiri aliyense wa ntchito imeneyi amadziwa kuti rola ikapanda kukhala pakati penipeni, mizere imazama mbali imodzi n'kuperewera mbali inayo, rola ziwiri sizilumana bwino, ndipo tiyi amatuluka wosadulika mofanana. Chimene amachisamala ndi dial indicator chija ndicho mtima wa nkhani yonse ya ma axis ambiri: mzere umene chitsulo chikuzungulirapo.

Tione ndi manambala. Tengani point imene ili mamilimita 100 kuchokera pa mzere wozungulirapo wa A, molunjika pa Y. Tebulo likapendekeka madigiri 30, point ija siilinso pa Y 100. Yafika pa Y 86.6, ndipo pa Z yasuntha mamilimita 50. Ziro yanu ya G54 nayonso ndi point ngati imeneyi. Tebulo likazungulira, chitsulo chimapita nayo, koma manambala olembedwa mu G54 amatsala pomwe anali. Wina ayenera kuwerengera kumene ziro yapita, kaya ndi post-processor (pulogalamu yosandutsa ntchito ya CAM kukhala G-code), kaya ndi makina enieniwo.

Njira yakale inali yoika ziro ya pulogalamu pa mzere wozungulirapo, kapena pamene mizere ya A ndi C imakumana, popeza ndi malo okhawo amene sasuntha. Njirayi imagwira, ndipo pa makina akale ndi yokhayo imene ilipo. Koma ili ndi mtengo wake. Mu CAD muyenera kuika chitsulo, fixture ndi tebulo ndendende mmene zidzakhalire pa makina. Woyendetsa akamanga chitsulo n'kupeza kuti chakwera ndi theka la milimita kuposa mmene munajambulira, sangangosintha G54. Ayenera kukuuzani, inu musunthe mu CAM, mutulutsenso pulogalamu yonse. Ngati inu muli ku Thyolo ndipo makina ali ku Johannesburg, mukuona nokha kuchedwa kwake.

Makina atsopano amadziwa okha pamene mizere yawo yozungulirapo ili, chifukwa manambalawo anasungidwa m'kati mwa control, kompyuta yoyendetsa makinawo. Choncho ziro mukhoza kuisiya pa datum ya chitsulo, makina n'kumailondola ikamazungulira. Haas amazitcha Dynamic Work Offset, G254. Kumeneku ndiko kumasula wojambula, chifukwa pulogalamu imodzi imagwira kulikonse kumene chitsulo chamangidwa pa tebulo. Koma musanasankhe malo a ziro, funsani osemawo ngati makina awo ali ndi zimenezi. Funso limodzi limeneli limasintha kapangidwe konse ka fayilo yanu.

Kulakwitsa pang'ono pa mzere wozungulirapo kumabwezera kawiri. Tiyerekeze kuti makina akuganiza kuti mzere wa A uli pena, koma uli mamilimita 0.05 cham'mbali. Mukaboola bowo kuchokera pamwamba, n'kuzungulitsa madigiri 180 kuti muboole lina lokumana nalo kuchokera pansi, mabowo awiriwo aphonyana ndi mamilimita 0.1. Kumbukirani kuti bowo la bearing la mamilimita 50 pa mlingo wa kulondola wotchedwa H7 limaloledwa kusiyana ndi mamilimita 0.025 okha. Ngodya nayo imakula ndi mtunda. Kuphonya ndi madigiri 0.01, kumene diso silingakuone, pa mtunda wa mamilimita 200 kumasanduka mamilimita 0.035. N'chifukwa chake chitsulo chomangidwa pamwamba kwambiri, kutali ndi mzere wozungulirapo, chimavuta kulondola kuposa chomangidwa pafupi.

Nkhope yopendekeka

Tibwerere ku potulukira madzi pa pampu yathu. Ntchito zambiri za makina a ma axis asanu ndi za mtundu umenewu: tebulo limapendekeka kamodzi, limamangika, kenaka kusema kumachitika ndi X, Y, Z ngati pa makina wamba. Amati 3+2. Pa nkhope iliyonse yopendekeka mumapanga coordinate system ina yaing'ono, mwana wa G54 ija. Z yake iloze kunja kwa nkhopeyo molunjika, chifukwa ndiko kumene chosemera chidzachokere. Ziro yake ikhale pakati pa potulukirapo, kuti mabowo anayi aja akhale ndi manambala osavuta amene woyendetsa angawayerekeze ndi drawing ali chiimire pa makina. Ubwino wake ndi woti ma cycle oboolera monga G81 ndi G83, kusema mozungulira kwa G02 ndi G03, ndi kukonza kukula kwa chosemera kwa G41 ndi G42, zonse zimagwira pa nkhope yopendekekayo ngati kuti ili chathyathyathya.

Control iliyonse ili ndi lamulo lake la zimenezi. Fanuc ili ndi G68.2, yotsatidwa ndi G53.1 imene imazungulitsa tebulo kuti chosemera chilunjike pa nkhopeyo, ndipo G69 ndiyo imathetsa. Heidenhain ili ndi PLANE SPATIAL, Siemens ili ndi CYCLE800. Pa control iliyonse pamafunika zinthu ziwiri: kumene ziro yatsopano ili, ndi ngodya zitatu zonena mmene yapendekera.

Ngodya zitatuzi ndi pamene anthu amagwa, ndipo ndikufuna muyese ndi manja anu. Tengani bokosi la machesi, muligoneke pa tebulo chizindikiro chili kumwamba. Lizungulitseni madigiri 90 pa X, kenaka madigiri 90 pa Z, muone kumene chizindikiro chaloza. Libwezeni pomwe linali, muyambe ndi Z, mumalize ndi X. Chizindikiro chaloza kwina. Ngodya ndi zomwezo, koma dongosolo lasintha, ndipo zotsatira zasintha. Kutsetsereka sikuchita zimenezi: kuyenda 10 pa X kenaka 20 pa Y n'chimodzimodzi ndi kuyamba ndi Y. Kuzungulira kokha ndiko kumasunga dongosolo. Tsono G68.2 ya Fanuc, mukapanda kuiuza zina, imawerenga ngodya m'njira ya Euler: kuzungulira pa Z, kenaka pa X yatsopano, kenaka pa Z yatsopano. PLANE SPATIAL imawerenga mwa njira ina. Manambala atatu amene ali olondola pa makina amodzi akhoza kuloza chosemera m'fixture pa makina ena. N'chifukwa chake sindivomereza kukopera ngodya pamanja kuchoka mu CAD kupita mu pulogalamu. Mu CAD inu pangani coordinate system yoona, yomangirira pa nkhope yeniyeniyo, ndipo post-processor yolembedwera makina amenewo ndiyo isandutse kukhala ngodya.

Musaiwale X ya coordinate system yaing'onoyi. Z yokha ndi yokwanira kuloza chosemera, koma X ndiyo imanena mmene mabowo anayi aja ayalidwira pa nkhopeyo. Mukaisiyira pulogalamu, imasankha iliyonse, ndipo manambala a mu G-code sadzafanana ndi a pa drawing, ngakhale chitsulo chitatuluka bwino. Woyendetsa amene sangathe kuwerenga pulogalamu n'kuizindikira amayendetsa makina ali ndi mantha, ndipo mantha ake ndi oyenera.

Pali chinanso chimene model siionetsa. Pa makina a tebulo la A ndi C, nkhope yopendekeka madigiri 30 ikhoza kufikidwa m'njira ziwiri: A pa plus 30, kapena A pa minus 30 pamene C yazungulira madigiri 180. Mwa masamu zonse ndi zolondola. Pa makina sizifanana. Matebulo ambiri amapendekeka kwambiri mbali imodzi kuposa inayo, ndipo njira imodzi ikhoza kubisa chitsulo kuseri kwa tebulo kumene woyendetsa sakuona, kapena kupititsa Y kunja kwa malire ake. CAM ndi control zili ndi posankhira njira, koma wosankhayo ayenera kudziwa kuti kusankhako kulipo.

Pamene ma axis onse asanu akuyendera limodzi, monga posema mapiko a impeller kapena zikho za turbine ya madzi, coordinate system yaing'ono ija siikhalaponso. Pulogalamu yonse imalembedwa mu coordinate system imodzi ya chitsulo, mzere uliwonse ukunena pamene nsonga ya chosemera ili ndi kumene chapendekera. Control ndiyo imasunga nsonga pamalo pake tebulo likamazungulira. Fanuc amati G43.4, Heidenhain M128, Siemens TRAORI, Haas G234. Popanda zimenezi, tebulo likazungulira pakati pa ma point awiri nsonga imayenda mokhota m'malo mowongoka, n'kudya chitsulo pamene simunafune, ndipo post-processor imakakamizika kudula ulendowo m'tizidutswa tambirimbiri.

Ngakhale ndi zonsezi, pali malo amodzi ovuta. Chosemera chikalunjika ndendende pa mzere wa C, ndiye kuti A ili pa ziro, C ikhoza kukhala pa ngodya iliyonse popanda kusintha kumene chosemera chaloza. Pafupi ndi pamenepo, kupendekeka kochepa kwambiri kumafuna kuti C izungulire kwambiri mwadzidzidzi, mwina theka la ulendo wonse, ndipo pa chitsulo pamatsala chipsera. Mankhwala ake nthawi zina ali m'manja mwa wojambula fixture. Mukamanga chitsulo chopendekeka pang'ono, kuti malo osemedwa asadutse pa mzere wa C, vutolo silibwera n'komwe. Apa mukuona kuti kumene Z ya G54 yaloza si nkhani ya pa sikirini pokha.

Kutentha nakonso kumasuntha ziro, ndipo ife a kuno tikudziwa kusiyana kwa m'mawa wa chiperoni mu June ndi masana a October. Miyeso yonse ya pa drawing imatengedwa kuti ndi ya pa madigiri 20 a kutentha, malinga ndi ISO 1. Chitsulo cha steel chimatalika pafupifupi mamilimita 0.012 pa mita imodzi kutentha kukakwera ndi digiri imodzi, ndipo aluminiyamu imatalika pafupifupi kawiri kuposa pamenepo. Chitsulo cha steel cha theka la mita chikatentha ndi madigiri 10 chatalika mamilimita 0.06. Makina nawo ndi chitsulo, ndiye mizere yawo yozungulirapo imasuntha akamatentha. Osema osamala amatenthetsa makina asanayambe, ndipo nthawi ndi nthawi amamanga kampira kachitsulo kolondola pa tebulo, probe n'kukakhudza pa ngodya zosiyanasiyana kuti control ipezenso pamene mizereyo ili. Heidenhain amazitcha KinematicsOpt, Siemens ali ndi CYCLE996. Kwa inu amene mukuyeza chipangizo chakale kuti muchijambule, izi zikutanthauza kuti musachiyeze chikadali chotentha, chitangochotsedwa pa makina kapena pafupi ndi choumitsira tiyi.

Potumiza ntchito, ambiri amatumiza STEP (mtundu wa fayilo umene mapulogalamu osiyanasiyana a CAD amatsegula) yokha n'kupuma. STEP imanyamula maonekedwe a chitsulo mokhulupirika, koma ma coordinate system amene munapanga sikuti nthawi zonse amafika kwa wolandira, zimadalira mapulogalamu awiriwo. Mu SolidWorks, potulutsa fayilo, muli posankha output coordinate system, ndipo mukasankha yanu ija model imatsegukira kwa winayo ziro ili pa datum, Z ili kumwamba. Chitani zimenezo, kenaka tsegulani nokha fayilo imene mwatulutsayo muone ngati zachitikadi.

Pamodzi ndi STEP patsagane pepala limodzi pa kusema kulikonse. Pakhale chithunzi cha chitsulo mmene chidzakhalire pa tebulo, mivi ya X, Y, Z itajambulidwa pamalo a ziro, dzina la ziro ya ntchito monga G54, ndi mawu achidule onena kuti Z ikhudzidwe pa nkhope iti, X ndi Y pa bowo liti, nanga chowongolera X ndi chiti. Lembaninso muyeso umodzi woyesera, point imene woyendetsa angaikhudze ndi probe tebulo litapendekeka, ndi manambala amene ayenera kuwaona. Pa pampu yathu ikhoza kukhala pakati pa potulukira madzi, A ili pa madigiri 30. Manambala akagwirizana, ndiye kuti CAD, post-processor ndi makina akunena chinthu chimodzi. Akasiyana, makina asayambe kudula mpaka chifukwa chake chipezeke, ndipo kusema koyamba kuchitike m'malere, Z itakwezedwa, chala cha woyendetsa chili pa feed hold, batani loimitsira makina.